Kugogoda kwa Mdala

Lolemba, 11 Juni 1979

Kuzizira. Zala kukana kugwira sipanala.

Pakamwa panga pandiika m'madzi lero. A Kingstone Jere abweretsa pikiapu yawo ija imanyamula anthu kupita ku Euthini. Pa Boma pano pa Mzimba aliyense amaitchula kuti Mdala, ngakhale ana asukulu. Akuti ikugogoda kutsogolo, makamaka pokhota. Ine pansi osasuzumira n'komwe. Ndangoimenya pa boneti monga timachitira amakaniko tikafuna kuoneka odziwa, n'kunena kuti, "Mdalayu wakalamba. Kutsogolo kwaola, chiwongolero sakuchimvanso. Tsiku lina adzagwetsera anthu kuphompho."

Mokweza, ngati ndili pa guwa. Kuseri kwa mpanda wa garaja kunali Lyson, wogulitsa makadi a chipani. Walemba m'kabuku kake.

Masana andiitana kwa apampando a nthambi ya chipani. Funso limodzi: "Mdala wake uti, a Kalebe?" Ndati galimoto, bwana. Akuti, "Mbwenu mutionetse choolacho pofika Lachisanu. Chikapanda kuoneka ndiye kuti mumanena mdala wina, ndipo nkhani ipita kumtunda."

Nkhani ikapita kumtunda, mwini wake amaitsatira. Kalaliki uja wa kumacheka a ku Chikangawa anapita chaka chathachi, mkazi wake mpaka lero sadziwa ndende yake. Ine ndine wobwera, wa ku Dowa. Wondiyankhulira kuno ndani?

Mkazi wanga Esme sindinamuuze.

Lachiwiri, 12 Juni

Ndayamba dzuwa lisanatuluke bwino. Jeke pansi, Mdala m'mwamba. Tayala lakumanja: kugwira pamwamba ndi pansi, kugwedeza. Zii. Kugwira m'mbali, kugwedeza. Zii. Lakumanzere chimodzimodzi. Mabeling'i ali bwino. Ndazunguliza tayala nditaika sikuludiraiva ku khutu, ndangomva magazi anga okha.

Ndatsitsa, ndakwera pa bampala, kudumphadumpha ngati wamisala. Mashoko ndi otopa inde, koma salira. Mabushi ong'aluka pang'ono. Ndingapite ndi bushi long'aluka kwa apampando? Galimoto iliyonse ya mu Mzimba ili nawo otero. Adzaseka.

Ndayenda nayo pa msewu wa mabampu kuseri kwa msika, maulendo anayi. Mdala phee, ngati mkwatibwi. Zaka zonsezi wakhala akusokosera boma lonse, lero wasankha ulemu.

Makasitomala lero palibe. Wina wa njinga yamoto wafika pa geti, wandiona, wabwerera.

Lachitatu, 13 Juni

Ndapita kwa a Kingstone kuti andiuze bwino: imagogoda pokhotera mbali iti, potsika kapena pokwera, ili ndi katundu kapena ayi. Andilandirira pakhonde, mpando osandipatsa. "Ndapota, a Kalebe, musanditchule. Ine kugogoda nkhupulika chara. Galimoto yane yili makora chomene."

Munthu amene Lolemba ankachita kundiyeserera ndi pakamwa, gu-gu-gu! Lero wagontha. Sindikumuda. Ali ndi ana asanu ndi awiri. Koma ndinafuna kumuluma.

Ndamasula mashoko onse awiri, ndabwezera. Ndamanga mabawuti onse a kutsogolo, kenako ndazindikira kupusa kwanga: ngati linali bawuti lomasuka, ndaupha ndekha umboni wanga. Ndakhala pansi pa fumbi, manja pamutu.

Ganizo loipa landibwerera. Kutenga hamala, kuphwanya kanthu ndekha, kukaonetsa. Koma Lyson anagwirapo ntchito m'garaja ya za nkhalango asanayambe za makadi. Chitsulo chothyoka dzulo amachidziwa, chimawala.

Esme wamva kuchigayo. Sanalire. Wangofunsa ngati bulangete lalikulu lija alichape kapena ndipita nalo momwemo.

Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa. Kabuku aka nakonso ndikabise m'chubu chakale.

Lachinayi, 14 Juni

Kwatsala lero lokha.

M'mawa ndakhala ndikumuyang'ana Mdala, iye kundiyang'ana. Kenako nzeru yabwera, mochedwa monga mwa masiku onse. A Kingstone sayenda opanda katundu. Anthu, matumba, mbuzi. Ine masiku awiri ndakhala ndikuyesa galimoto yopanda kanthu, matayala ali lendelende m'mwamba. Chitsulo choseweracho chingaoneke bwanji popanda chochipanikiza?

Ndapempha matabwa kwa dalaivala wa lole ya ku Chikangawa, mlendo amene nkhani yanga sanaimve. Ndadzaza Mdala mpaka wakhala pansi. Vuto, ndani apukuse chiwongolero ine ndili kunsi? Amuna onse a mzere uno atanganidwa mwadzidzidzi.

Esme wakwera. Chibadwire sanakhalepo pa mpando wa dalaivala. Ndamuuza, kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, osaleka, ngati ukupeta. Ine chagada pansi, maso otseka, chikhato pa cholumikizira chilichonse. Bokosi la chiwongolero, palibe. Tairodi yakumanja, kamtengo kachitsulo kokankha tayala pokhota, palibe. Tairodi yakumanzere.

Gu.

Osati m'khutu. M'chikhato. Gu, gu, gu, nthawi iliyonse Esme akabweza. Ndakuwa, "Usaleke, mayi, usaleke!" Ndipo ndalira pansi pomwepo, fumbi m'kamwa.

Ndaimasula. Kamutu kake kozungulira kadyeka mbali imodzi, kakusewera m'chibowo ngati dzino la nkhalamba. Ndikakoka ndi dzanja kakufuna kutuluka. Kakatuluka galimoto ikuyenda, tayala limapita kwake, dalaivala kwake. Ndiye kuti Lolemba ndinanena zoona osadziwa.

Esme akuti, "Mawa muzingoonetsa chitsulocho. Pakamwapo mutseke."

Ndadya lero.

Lachisanu, 15 Juni

Abwera ku garaja cha m'ma 10 koloko. Apampando, Lyson ndi kabuku kake, a Kingstone kumbuyo, ndi anthu ongoonerera odzaza mpanda.

Ndawapatsa tairodi. Apampando aigwedeza pafupi ndi khutu, kamutu kakuti gwede gwede. Apatsa Lyson. Lyson wayang'anitsitsa, wavomera kuti kudyekako n'kwakale. Mtima wanga unayamba kutsika.

Kenako apampando, mofatsa, akumwetulira: "Yewo, a Kalebe, taona. Sono mutiuze monga katswiri. Chakutsogolo chikakalamba chonchi, mankhwala ake n'chiyani? Tichotse, tiikepo chatsopano?"

Lyson pensulo ili pa pepala. 

Yankho lake ndi limodzi, mwana aliyense wa m'garaja amalidziwa. Zaka makumi awiri ndili pa ntchito imeneyi. Ndinayang'ana pensulo ija.

Ndati, "Ayi bwana. Mdala akadali wolimba. Sasinthidwa. Girizi basi."

Aseka, anthu nawo aseka. Akuti, "Mbwenu bwezeranipo, tikuona."

Ndabwezera. Girizi wodzaza, mpira wa chubu kukulunga kasanu, waya pamwamba. Manja anga omwewa. Esme wapukusa chiwongolero, kugogoda kwatha, popeza mpira wameza phokoso. Andiombera m'manja. Lyson wang'amba tsamba lija, wandipatsa kuti ndikayatsire mbaula.

Ndine mfulu. Bulangete likhala pakhomo.

Anthu atabalalika ndawakokera pambali a Kingstone. Ndati mkulu wanga, musanyamule anthu, mpira ndi waya sizifika ku Euthini, tumizani munthu ku Mzuzu akagule ina mwakachetechete. Iwo maso uku ndi uku. "Mwanena pamaso pa wanthu kuti ngwakukhora. Nikaimika galimoto, wazamufumba chifukwa. Nizamuti vichi?"

Zoona, akaimika galimoto adzafunsidwa chifukwa. Sitolo ya zitsulo nayo ili ndi makutu. Wogula tairodi ya Mdala sabata ino adziwika dzuwa lisanalowe.

Esme wandiikira nsima, iye wakakhala panja. Amadziwa chimene ndinamva m'chikhato.

Loweruka, 16 Juni

Ndinati sindipita ku siteji. Miyendo yandipititsa.

Ndawerenga. Akulu khumi ndi anayi, makanda atatu kumsana, matumba a mchere, njinga pamwamba. Msewu wa ku Euthini ndimaudziwa, mabampu okhaokha, ndi kutsetsereka kuja kokhotera kumanzere pofika pa mlatho.

Lyson anali pomwepo, akuona makadi a okwera.

Mayi wina wachikulire, phazi limodzi lili kale pa tayala, wanditembenukira. "Ndimwe a makaniko, eti? Yewo chomene, mwatikonzera. Sono yili makora?"

Lyson wadzutsa mutu.

Ndati ili bwino, mayi. Ndamugwira mkono, ndamuthandiza kukwera.

Lamulungu, 17 Juni

Ku tchalitchi sindinapite.

Mdala amagona ku Euthini, amabwerera Lamulungu anthu asanatuluke m'mapemphero. Atuluka. Adya. Mithunzi yatembenuka.

Injini iliyonse ikamveka ndili pa geti. Lole ya matabwa. Thirakitala. Lole ina. Kulira kwa Mdala ndimakudziwa akadali kutsidya kwa mtsinje.

Esme wabwera kudzaima pambali panga. Nayenso akumvetsera.

Kukubwera munthu pa njinga kuchokera njira ya ku Euthini, akupalasa ataimirira. Wadutsa msika osaima. Wadutsa kwa a Kingstone. Akubwera kuno