Akufunsa za Amina

Lachinayi. Mwera wakuntha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Masana amayi anabwera kuchokera kumsika wa Dwangwa ali wefuwefu. Akuti amuna awiri a pa galimoto yoyera, mmodzi mzungu, amafunsa nyumba ya namwino amene anagwirapo ntchito ku Turkey. Kuno palibenso wina koma ine.

Amayi okha ndi amene amadziwa kuti bambo wa mwana wanga Amina ndi mtsogoleri wamkulu wa dziko lija. Ndinkamusamala atadwala, kenako tinakondana, chonsecho ali ndi mkazi wake. Mimba itaoneka, anthu ake anandikweza ndege, nandichenjeza kuti ndikadzangoulula, mwana adzamutenga. Sindinaululepo. Nanga abwereranji?

"Mwanangu, usalire, longedza zovala zake," anatero amayi. "Mawa kukacha ndimupititsa kwa azakhali ako ku Dwambazi."

Ndili mkati molongedza, Amina walowa kuchokera kumadrasa akusekerera. Akuti mzungu wina wamujambula panjira, n'kumufunsa dzina la mayi ake.

"Ndiye iwe wayankha chiyani?"

"Ndawauza, amama. Ndawalozeranso nyumba yathu."

Mawa latalika, mwina tinyamuke pompano, koma basi yomaliza yadutsa kale…