Makina ako andithawitsira ogula mandasi

Mwana wanga Esinati,

Akundilembera ndi amake Joyi, aneba athu kuno ku Chikanda. Kaya uli bwanji ku Joniko? Ine ndilipo, koma phewa lija likuwawabe.

Makina okandira ufa aja anafika, zikomo. Koma mwanawe! Ine ndimamva ndi dzanja kuti ufa wakandika, pomwe chinthucho chimangozungulira osadziwa polekera. Lachiwiri mandasi anatuluka olimba ngati miyala. Ana a ku koleji atangoluma amvekere, "Agogo, mano athu akulakwirani chiyani?" Dzulo onse anakagula kwina.

Ndayambiranso kukanda ndi manja, mbale ya makinawo ndikusungiramo mazira. Ukafuna kundithandiza, tumiza mankhwala opaka paphewapa kuti ana aja abwerere.

Mulungu akusunge. Ndatopa, ndikapume kaye.

Ndine mayi ako,
Nachisale