Botolo 14

Lolemba, 3 Marichi
Mwanapiye, kamtsikana katsopano kaja, watulukira chinthu. Miyezi inayi yokha mu labu muno. Ine zaka khumi ndi chimodzi ndikupala tizilombo ta mamba pa masamba a mandimu, kutinyika mu utoto, kutifinya pa tigalasi. Iye kungosuzumira mu maikulosikopu basi, a Pulofesa mpaka kuimirira. "Tawerenganinso, mayi." Eti mayi. Ine amangonditi "inu apo".

Lachiwiri, 4 Marichi
Nkhani yake ndi iyi. Kachilombo kakamuna kamakulunga makoromozomu, maulusi a chibadwa, ochokera kwa bambo ake, n'kukhala kampira kakuda m'selo, ana ake osawalandira. Kakakazi sikatero. Koma Mwanapiye waona kampirako mwa tatikazi ta m'botolo 14, zoti a Pulofesa sanazionepo chibadwire. Akuti Mwanapiye alemba pepala la kafukufuku, akuti akwera ndege kupita kumsonkhano. Tigalasi tonseto ndinakonza ndine. Nsanje ikundidya, ndibisirenji.

Lachitatu, 5 Marichi
Mwanapiye wandigawira keke. Ndadya, koma sindinamukhululukire.
Bambo a ana akuti nsanje indiwondetsa. Ndawauza kuti tikanakhala tizilombo tija, mwana wathu wamwamuna sakanapatsira adzukulu mphuno yawoyo.

Lachinayi, 6 Marichi
Ndimafuna umboni woti ntchito ndi yanga, ndiye ndinatsegula kope langa lakale. Botolo 14. Tizilomboti tikakhala tating'ono n'tofanana, ndipo tsiku lomwe ndinkatilongedza ndinali ndi mabotolo awiri patebulo, foni ikulira. Ndinasinthanitsa zomata za pamabotolo. Mu 14 muli tatimuna tokhatokha. Kampira kake n'kamasiku onse, kam'buku la chaka choyamba.
Ndinaseka ndekha pasinki, misozi mpaka. Ndege ija yatera isananyamuke.
Kenako ndinayang'ana chomatacho. Mawu oti "zazikazi" ndi dzanja langa.
Ndikanena, agwa iye, nane ndigwa. Ndikakhala chete, akagwera kutali, pamaso pa anthu. Sindinama, maganizo achiwiriwa anandikomera.

Lachisanu, 7 Marichi
Mwanapiye wabwera akuthamanga, mapepala m'manja. "Achemwali, ndinakangana ndi a Pulofesa dzulo lonse, koma ndawagonjetsa. Taonani apa."
Dzina langa. Lili lachiwiri papepalalo, pambuyo pa lake. Zaka zonsezi palibe anandilembapo, ngakhale m'mizere yothokoza. Akuti popanda tigalasi tanga iye si kanthu, pepala alitumiza Lolemba.
Botolo linali m'thumba la gauni yanga, ndinalibisa m'mawa.
Ndinaliika patebulo, n'kumuuza atseke chitseko, akhale pansi.