Madzi a Pansi pa Mtengo wa Nachesi

Chirimba, Blantyre
Lolemba m'mawa, cha m'ma naini koloko

Achimwene a Laimoni,

Ndakhala pakhonde pa mwana wanga Davie, ana apita kusukulu, mkazi wake wapita kumsika, ndiye ndati ndigwire cholembera asanabwere wondisokoneza. Muli bwanji kumudziko? Bondo lija lakusiyani, kapena mukuyendabe ngati bakha? Nanga alamu anga, chifuwa chija chinatha?

Ine kuno ndili bwino. Diso lija anandipala sabata yatha, ng'ala yonse anachotsa. Zilembo zokhotakhotazi musadabwe nazo, ndi dzanja lomwe lija la sitandade 3, koma ndalemba ndekha. Tsiku lomwe anandimasula bandeji ndinaona zinthu zomwe palibe anandiuzapo. Davie ali ndi dazi, achimwene. Mwana ndinamubereka ndi tsitsi mpaka azamba kudabwa, lero mutu uli mbee ngati dzungu lotsuka. Ndinapempha galasi kuti ndidzione, ndinapeza m'menemo muli malemu amayi athu akundiyang'ana. Ndinalibweza msanga.

Adokotala andiletsa kuwerama, kukhala pa utsi ndi kukwera njinga yamoto, ndipo ati adzandionenso mwezi wamawa. Ndiye ndangokhala, kudya ndi kumvetsera za anthu. Nyumba za kuno n'zothinana, woyandikana nafe akayetsemula ndimapepesa ndine.

Tsopano nkhani yomwe ndalembera. Dzulo Maness, wapampando wa komiti yathu ya chitukuko, anaimba pa foni ya Davie. Wandiuza kuti khonsolo yavomera mjigo uja takhala tikupempha kuyambira ine ndili ndi mano onse. Ati oyeza madzi anabwera ndi mawaya awo n'kuzungulira mudzi wonse. Kutchalitchi anapeza thanthwe, kubwalo la mpira thanthwe. Madzi anawapeza pamalo anga, kuseri kwa nkhokwe, pomwe pali mtengo wa nachesi umene anabzala malemu amuna anga a Gerishon. Kuti makina aime bwino ndi kuti amange simenti, mtengowo uyenera kuchoka.

Ati inu, monga mwinimbumba, munaimirira pamsonkhano n'kukana. Munati mtengo wa alamu anu sudulidwa inu muli moyo, makamaka mwini malo ali m'chipatala. A khansala ati iwo sakakamiza munthu pa malo ake. Lachisanu likubwerali mukumananso, ndipo banja likakanabe, mjigo upita kumudzi wina cha ku Midzemba, chifukwa galimoto yokumbayo iyenera kutsika mvula isanagwe. Msewu wathu mukuudziwa mmene umakhalira ikangowaza.

Nditamva ndinalira, achimwene, mpaka Davie anandikalipira kuti ndiwononga diso la adokotala. Sindinalire mtengo ayi. Ndinalira kuti amene waimirira kuuteteza ndinu.

Kodi mwaiwala? Chaka chomwe a Gerishon anabwera chikamwini pakwathu, anafika ndi kamtengo kaja m'chitini. Amene anaseka mpaka kukhala pansi anali ndani? Munawauza kuti mkamwini wanzeru amabzala chimanga ndi mbatatesi basi, zoti akathamangitsidwa asasiye kanthu, chifukwa mtengo sanyamula pamutu popita kwawo. Iwo anangopitiriza kukumba. Madzulo ake anandinong'oneza kuti ndikuuzeni kuti mudzadya zipatso zake mpaka mano adzakuthereni, iwo ali pomwepo. Ine sindinakuuzeni, ndinkaopa ndewu. Nanga si zinachitikadi? Mano muli nawo angati lero?

Chilimwe chonse cha chaka chimenecho ankatsika okha kumtsinje ndi ndowa paphewa, mwamuna wamkulu, akazi a m'mudzi akuwaseka kuti ndawadyetsa mankhwala. Ankafika pamwamba pa chitunda chija thukuta lili kamukamu, theka la madzi litatayikira m'njira, n'kuthira pa kamtengo kawo. Ndiye taganizani, achimwene. Munthu ankathyoka msana kutungira madzi mtengo umene wakhalira madzi. Usiku wathawu ndakhala ndikuseka ndekha pamphasa. Akanakhala moyo akanati ankadziwa kale, paja bodza lotere ankalitha.

Chitunda chomwecho ndi chimene chikutidyabe. Pamene ankadwala matenda awo omaliza aja, mwana wanga Estere ndi amene ankakwera nacho kangapo pa tsiku kuti tiwasambitse ndi kuchapa zofunda. Iwo ankamuyang'ana akutula ndowa, n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina anandiuza kuti ndichepetse kuwasambitsa, mwana akutha khosi. Munthu wotero mukuganiza kuti angasankhe mtengo?

Maness wandiuzanso zomwe inu nonse mwakhala mukundibisira, kuti mdzukulu wanga Chikondi, ndi pakati pake paja, anaterereka ndi chigubu pamiyala mpaka anagona ku Ligowe kuchipatala. Ati ali bwino, mwana akugunda. Mulungu ndi wabwino. Koma ndani akumutungira tsopano? Inu ndi bondo lanulo? Ndipo mwanayo akabadwa, matewera tizidzachapa ndi madzi a nachesi?

Mtengo umenewo ine ndimaudziwa kuposa nonsenu. Ndinaupalira, ndinathamangitsapo mbuzi zanu zopanda mwambo zija, ana anga onse anaphunzira kuyenda atagwira tsinde lake. Koma wakalamba ngati ife. Mbali ya kumadzulo inauma kale, chaka chino wabereka tizipatso tomwe wavenda wa ku Lisungwi anangotiyang'ana n'kupitirira. Malowo ndi anga, anandisiyira amayi, ndipo ndikuti akumbe. Sindikugulitsa, asabwere wina kudzanena za chipukuta misozi. Ndapereka, ndipo ana anga asadzavutitse munthu pa mjigopo kuti ndi wa kwathu. Ndi wa mudzi.

Pempho langa ndi limodzi. Nkhwangwa isanakhudze mtengowo, Estere adule timphukira ta mbali yamoyo ija, amezanitse pa mbande za mandimu zomwe zili kudimba kwake. Ntchito imeneyo anamuphunzitsa bambo ake, mpeni wawo waung'ono uja ali nawo ndi iyeyo. Nyengo yake ndi ino, kwatentha, zigwira. Umodzi adzabzale kumunsi kwa mjigo, kumene kuzidzayenderera madzi otayika, kuti uzimwa popanda wousenzera. Wina ndi wanu, achimwene. Mukabzale pakhomo panu, muziukalipira m'mawa uliwonse monga munkachitira ndi mwini wake.

Ndikudziwa chimene chikukupwetekani. Kuyambira pamene tinawaika m'manda a Gerishon, mumabwera madzulo kudzakhala pansi pa mtengowo, pamalo pomwe munkasewerera nawo bawo, n'kumanamizira kuti mwabwera kudzaona nkhuku zanga. Maso anali akhungu koma fodya wanu ndinkamumva. Tsiku lodula musakhalepo. Pitani ku boma mukamete, kapena mukakangane ndi anzanu za mpira. Mavuto, mwamuna wa Chikondi, adule ndi iyeyo, nayenso ndi mkamwini, adziwe kulemera kwake. Tsinde lake akusemereni kampando.

Ndipo musati mudikire kuti ine Mailesi ndibwere. Galimoto sidikira, komanso ine sindikufuna kuti diso latsopanoli liyambe ndi kuona mtengowo ukugwa. Ndikufuna ndidzatsike pa njinga, ndidzamve chitsulo chikulira kuseri kwa nkhokwe yanga, ndidzaone madzi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Estere ndi ana ake onse. Chikondi mumuuze kuti ndikamva zoti wagwiranso chigubu ndibwera wapansi. Amayi a chigwirizano muwauze kuti mapemphero awo anagwira ntchito, tsopano ndiziona amene akugona mu tchalitchi. Davie ndi banja lake akupereka moni.

Kalatayi ndapatsira Nathan wa mbatatesi, akwera mawa. Mukawerenga musaipinde n'kuika m'Baibulo monga mumachitira. Mupatseni Estere awerenge, kenako ipite kwa Maness kuti Lachisanu akaiwerenge pamaso pa a khansala ndi anthu onse. Za dazi la Davie ndi za mano anu akhoza kudumpha. Koma mawu oti banja lavomera asanene Maness. Muimirire ndinu, pamalo pomwe munakanira paja, ndi bondo lanu lomwelo.

Ndine mlongo wanu,
Mailesi, amake Davie