Achimwene, Pitani kwa a Majombo

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu. Bondo lija likukulolani kutsikira kudambo, kapena mukungolamula muli pampando? Nanga alamu anga, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno ndilipo, kudya ndikudya, koma mtima sukukhala pamalo amodzi. Dzanja mukulionali ndi la mdzukulu wathu Kachiwala, pakamwa ndiye ndi panga. Wandichenjeza kale kuti pepala si msewu, lili ndi pothera, ndiye ndiyesetsa kudula, ngakhale mukundidziwa.

Nyumba ya mphwanu, mwana wanga uja, bambo ake a Kachiwala, ili m'mwamba, masitepe ake mpaka mawondo kulira. Pazenera ndimangoona madenga ndi mawaya. Ndikatopa m'chipinda ndimapita kukhonde, kukhonde kukanditopetsa ndibwerera m'chipinda, ngati nkhuku yosowa poikira. Koma masiku ano oyendayenda tilipo awiri, chifukwa Kachiwala naye sakukhala pansi, ndipo nkhani yake ndi imene yandilembetsa kalatayi.

Mwanayu akufuna kulowa sukulu ya madokotala a ziweto. Chaka chatha anayesa. Mayeso a m'mabuku anakhoza bwino, mpaka anamuitana kuti akamufunse maso ndi maso. Akuti analowa m'chipinda, anthu atandandalika kuseri kwa tebulo lalitali, mayi wina wa imvi n'kumufunsa kuti angatani ng'ombe ikamavutika kubereka, mwana akubwera cham'mbuyo. Iye anayankha zonse monga mwa buku, osaphonya. Mayiyo anangomuyang'ana manja, n'kufunsa ngati mkono wakewo unalowapo m'mimba mwa ng'ombe. Mwana sananame. Anamuuza mwaulemu kuti apite akayambe wanunkha ndowe, akagwire ntchito pambali pa dokotala wa ziweto zikuluzikulu, ndipo dokotalayo adzamuchitire umboni.

Ndiye kuno ng'ombe aipeza kuti? Amathandiza kuchipatala cha ziweto cha mumsewu wathu uno, koma kumeneko n'kwa agalu ndi amphaka. Ndinapitako tsiku lina kukamusiyira ambulera. Achimwene, ndinaona galu atavala juzi! Mwini wake, mayi wina, akumusisita, misozi yeniyeni ili mbwembwembwe, chifukwa galuyo sanadye dzulo lake. Ine ndinayamba kuwapepesa mayiwo poyesa kuti kwagwa zovuta. Kachiwala anandikankhira panja msanga ndisanafunse kuti mwambo wa maliro uli liti.

Kunyumba kuno tonse tasanduka ziweto. Ine wandimvetsera pachifuwa ndi kachitsulo kozizira kaja mpaka ndaphunzira kupuma molamulidwa. Sabata yatha anamanga tebulo lodyera ndi chingwe, miyendo yonse, akuti akuphunzira kugwetsa ng'ombe. Bambo ake pobwera kuntchito anakodwa, n'kugwa iwo m'malo mwa tebulo. Ine ndi mpongozi wanga tinaseka mpaka kutsamwa, koma mphwanu sanaseke. Atadzuka ananena kuti ulendo uno ndi womaliza. Akamukananso kusukulu kuja, basi, akakhale kuseri kwa kauntala kusitolo yake ya zitsulo za galimoto, azikagulitsa mabawuti. Ndipo mphwanu mukumudziwa, anatengera inu, akalankhula sabweza.

Tsopano ndafika pamene pali minga. Dokotala wa ng'ombe amene tikumudziwa ndi mmodzi yekha, a Majombo, kwanuko. Musang'ambe pepala, mumve kaye. Kachiwala anawaimbira foni. Akuti anasangalala kwambiri, ati akukalamba, mkono wawo sukufikanso kumene unkafika, ndiye mwana wa mkono wowonda ngati uyu angawathandize nyengo ino ng'ombe zikubereka. Koma atafunsa kuti azikagona kwa yani, mwana n'kutchula inu, a Majombo ananena kuti ndi mwana alibe naye mlandu, koma sangathe kumadzamutenga m'mawa uliwonse pachipata pamene anathamangitsidwa ndi mpini. Ati mwini khola abwere yekha adzanene kuti njira yatseguka.

Sindinaiwale, achimwene. Ndinalipo chaka cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi chija, pamene a Majombo analamula kuti nkhunzi yanu yakuda iphedwe. Ndinakuonani mukukana chakudya, mutangokhala pakhomo la khola, chingwe chake chili m'manja. Sindikuti munalakwa, sindikutinso iwo analakwa, mlandu umenewo unandikulira kalekale. Chimene ndikudziwa n'chakuti nthawi imeneyo Kachiwala anali asanabadwe. Nkhunziyo sanaione n'komwe, koma lero ndiye akuisenza pamutu.

Pempho langa ndi limodzi. Valani jekete lanu lija, mupite kwa a Majombo ndi miyendo yanu. Musatume mwana, musatume alamu, paja munthuyo wati inu. Palibe akukuuzani kuti mukagwade kapena kukafukula zakale. Mukangonena kuti ng'ombe yanu yamawanga ija yatsala pang'ono kubereka, adzaione, komanso kuti mdzukulu wanu akubwera, adzamva okha. Amuna okalamba mumadziwa kupepesana uku mukukamba za mvula.

Nthawi ndiyo ikundisowetsa mtendere. Sukuluyo imatseka kulandira maina mvula ikamayamba, ndipo safuna umboni wa tsiku limodzi, amafuna munthu amene wakhala m'makola mpaka zikhadabo kuda. Ng'ombe nazo sizidikira kuti anthu ayambe agwirizana, nthawi yake ikakwana zimangobereka. Zikatha kubereka mwanayu adzakaphunzira pa chiyani? Ndikadatha kukhala chete kuopa mkwiyo wanu, koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Apa wolemba wanga waika cholembera pansi. Akuti sakufuna kuti agogo ake anyozeke chifukwa cha iye, bola akagulitse mabawutiwo. Akunena zimenezi nkhope italoza kuzenera, kuti ine ndisaone maso ake. Ndamuuza kuti atole cholembera, alembe zimene wanenazo ndi dzanja lake lomwelo, kuti mumve nokha mtundu wa mwana amene tsogolo lake lili pachipata panu.

Ine ndapangana kale ndi mpongozi wanga kuti mwezi uno ukatha tikumukweza basi Kachiwala kuti abwere kwanuko. Yankho lanu sindikulidikira, chifukwa ndikudziwa kuti mukamayankha ine mudzakana. Ine ndi mlongo wanu, munazolowera kundikaniza kuyambira tili ana. Ngati kwa a Majombo simupita, musandiuze ine. Mudzamuuze mwiniwake akatsika basi ndi chikwama chake, mukumuyang'ana m'maso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze asaleke kumwa mankhwala chifukwa choti ayamba kupeza bwino. Moni kwa ana anu onse ndi apongozi, kwa adzukulu, ndi kwa mzime wathu wa kutsidya, amene analonjeza kudzandiona koma mpaka lero ndikungosuzumira pamsewu. Mphwanu ndi akazi ake akupereka moni. Kachiwala akuti wake asalembe, adzapereka yekha.

Ndatha ine,
mlongo wanu wapakamwa uja