Nkhani ya Mpopi wa Amai Miti ndi Paipi ya Dzimbiri

Komiti ya Madzi a Tanki, Chowa, Kabwe
Tsiku: Loweruka, 13 Seputembala 2025
Malo: Pansi pa tanki, popeza kiyi wa holo sanapezeke

Opezeka: a Weston Njobvu (Wapampando), a Sailas Daka (Mlembi), amai Lyness Mbewe, amai Anastazia Miti, a Adamson Sakala.
Osapezeka: a Ezra Nyirenda, ali ku maliro ku Katete.

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba 14:12. Amai Mbewe anapemphera.

2. Kudula mpopi wa amai Miti
Wapampando anati nyumba zisanu ndi ziwiri zakumapeto kwa paipi sizilandira madzi m'mawa chiyambire pa 2 Juni. Anati madziwo amasowa kuyambira 06:00 mpaka 08:00, nthawi imene amai Miti amathirira repu yawo, ndiwo zamasamba zimene amadzala m'masaka. Anati zikuonetsa kuti amaiwo analumikiza paipi ina mobisa, ndipo mpopi wawo udulidwe Lolemba. Anakumbutsa kuti analengeza kale kutchalitchi pa 31 Ogasiti kuti wakuba madzi wapezeka ndipo ndi amai Miti.

Amai Mbewe, amene nyumba yawo ndi yomaliza pamzere, anati ana awo amapita kusukulu osasamba.

Amai Miti anaimirira osapatsidwa mpata. Anati: "Ba Weston, kumbani yadi yanga yonse. Mukapeza paipi, mundimange nayo m'khosi. Koma repu ija ndiye imadyetsa bana banga, simuzaiumitsa." Wapampando anawauza kuti akhale pansi. Sanakhale.

3. Mapaipi a a Sakala
Mfundoyi sinali pa mndandanda. A Sakala, amene anagwira ntchito ya mapaipi kumgodi zaka 23, anabwera ndi mapaipi awiri a mamita asanu ndi imodzi, onse a inchi imodzi. Imodzi inali yapulasitiki yatsopano. Inayo inali yachitsulo, imene anaichotsa pamzere wathu Lachinayi pokonza pamene panaphulika. Anapempha aliyense alowetse chala. Mlembi analowetsa: m'kati mwa yachitsulo munali mokhakhala ngati msana wa ng'ona, ndipo chala chinatuluka chofiira ndi dzimbiri. Wapampando anati sanabwere kudzadetsa zala.

A Sakala analumikiza mapaipiwo pampopi wa tanki, imodzi imodzi, nadzaza baketi ya malita 20. Mlembi anasunga nthawi pafoni.

Mpopi wotsegulidwa pang'ono: yapulasitiki mphindi 3 ndi masekondi 10, yachitsulo mphindi 3 ndi masekondi 24.
Mpopi wotsegulidwa wonse: yapulasitiki masekondi 31, yachitsulo masekondi 58.

A Sakala anafotokoza kuti madzi akamayenda pang'onopang'ono, tizithumbu ta dzimbiri tokhakhala tija sitiwavuta kwenikweni. Koma akathamanga, amagunda tizithumbuto, nayamba kuzungulirazungulira m'mbali mwa paipi, ndipo mphamvu yawo imathera pomwepo. Anati liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yotayika imawirikiza pafupifupi kanayi. Dzimbirilo lachepetsanso njira. Anati m'mawa nyumba zonse 26 zimatsegula mipopi pamodzi, madzi amathamanga m'mamita 410 a paipi yotere, ndiye amafika kwa amai Mbewe atatopa. Masana amafika bwino chifukwa otunga ndi ochepa.

Wapampando anati ngati zili choncho tigule pampu yaikulu. A Sakala anati pampu imangokweza madzi m'tanki, ndipo ngakhale ikanakankha m'paipi, kukankha kwambiri ndiko kutaya kwambiri. Anaonjeza kuti: "Kawalala wanu, wakuba madzi uja, ali pansi pa dothi, ba Weston. Anabwera muno imwe mukali kuvala kabudula." Anthu anaseka. Wapampando sanaseke.

Amai Mbewe anapempha kuona paipi yachitsulo ija kachiwiri. Anaiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, kenaka anauza amai Miti kuti: "Amake Cynthia, nenze nakukwiyirani chabe. Munikhululukire." Amai Miti anati amva.

4. Pempho la Wapampando kwa Mlembi
Wapampando analamula kuti manambala a mfundo 3 asalembedwe chifukwa mfundoyo sinali pa mndandanda. Mlembi anayankha mwaulemu kuti anaona ndi maso ake ndipo walemba kale ndi bolopeni. Wapampando anati tsambalo ling'ambidwe. Mlembi anati masamba a bukuli ali ndi manambala ndipo sadzang'amba.

5. Chigamulo
Panachitika voti yokweza manja. Ofuna kudula mpopi: mmodzi. Okana: atatu. Amai Miti sanavote popeza nkhani ndi yawo, koma anakweza manja onse awiri, ndipo Mlembi sanawawerenge.

Wapampando anati iye ndiye amasunga sipanala ya komiti ndipo Lolemba adzaona chochita. Amai Miti anati Lolemba adzakhala pampopi wawo kuyambira 05:30, atakhalira mpando. Amai Mbewe anati adzabwera ndi wawo. Anapempha kuti sipanala iperekedwe kwa a Sakala, ndipo ena onse anavomera. Wapampando anaiika pansi 15:47, osati m'manja mwa munthu. A Sakala anaitola.

Komiti inagwirizana izi: mpopi wa amai Miti sudulidwa, kuyambira mawa nyumba zakumtunda zizitunga 05:00 mpaka 06:30, zakumapeto 06:30 mpaka 08:00, anthu onse akumbe mzere Loweruka pa 27 Seputembala kuti a Sakala aone kutalika kwa paipi yofunika kusintha.

6. Zina ndi zina
Amai Miti anapempha kuti Wapampando abweze mawu ake kutchalitchi komwe anawanenera, pamaso pa anthu omwewo. Wapampando anati aganizira. Amai Miti anati adzakhala pabenchi yoyamba Lamlungu lililonse kufikira ataganiza.

7. Kutseka
Msonkhano wina udzakhala pa 11 Okutobala 2025, 14:00. Uno unatha 16:05. Pemphero lotsekera panalibe, chifukwa Wapampando anali atapita.

Chotsala: chipepeso chimodzi kwa amai Anastazia Miti, cha poyera. Sichinaperekedwe.

Wapampando: anakana kusaina.
Mlembi: Sailas Daka
Mboni m'malo mwa Wapampando: Lyness Mbewe, Adamson Sakala