Makiyi a Nyumba Zanga Zitatu

Lolemba, 5 Meyi
Ndavomera. Imvi mbuu, zidzukulu zinayi, koma ndikukwatiwanso. Aphunzitsi opuma aja. Ukwati pa 31, kenako kusamukira kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ndikungosekerera ndekha ngati kamtsikana. Koma nyumba zanga zitatu za lendi ndisiyira ndani? Aphunzitsi akuti popanda woyang'anira akwatira thupi lokha, mtima utsala kuno. Sakunama. Ndikapanda kumupeza munthuyo, sindisamuka.

Lachinayi, 8 Meyi
Woyamba, wa ku ofesi ya zanyumba. Tayi, perefyumu, pakamwa pothyathyalika. Ndamupatsa makiyi kuti ayendere. Pa nambala 2, kwa atelala okalamba aja, wangopisa kiyi n'kulowa. Atelala ali ndi kabudula wamkati yekha, akusita thalauza. Manyazi agwira ine. Wa tayiyo ali kalikiliki kuyeza chipinda ndi maso, ati muno mungakwane mabanja awiri. Ndamuthokoza, ndalanda makiyi anga.

Loweruka, 10 Meyi
Alamu adzipereka okha. Ati chibale ndi fupa, sichiola. Ayendera nyumba zonse ali m'galimoto, magalasi otseka. Atsika pa nambala 3 pokha, kukafunsa nesi uja ngati ali pabanja. Ndaseka mpaka misozi. Ayi ndithu.

Lachitatu, 14 Meyi
Palibebe. Mutu waima. Diresi lafika, lathina m'chiuno.

Lachisanu, 16 Meyi
Paipi yaphulika ku nambala 1. Wabwera mayi wamapaipi uja, ana amamutcha Sipanala. Ndamupatsira makiyi ndili pa foni. Kiyi ali m'manja, koma wagogoda, n'kudikira. Wagogodanso. Nditamufunsa, wangoti, "Makoma ndi anu, mayi, koma pakhomo ndi pawo."
Ndamupempha pomwepo kuti akhale woyang'anira nyumba, madzi ali m'akakolo. Wakana kawiri, ati sukulu sanapite nayo patali. Atelala ndiwo amugonjetsa. Amuuza kuti akakana, nkhalamba idzafa ndi manyazi m'manja mwa wa tayi uja, mlandu udzakhala wake. Wavomera akuseka.
Ndaimbira aphunzitsi. Ati akapenta chipinda mawa.

Lachinayi, 29 Meyi
Tasainirana ndi Sipanala, mwana wanga wamkulu ndi nesi mboni. Makiyi ndapereka. Chikwama chapepuka, mtima nawonso. Atelala akulitsa diresi, akana malipiro.

Lamulungu, 22 Juni
Masabata atatu kuno. Ndanenepa. Aphunzitsi amaimba akamasamba, mawu ngati chitseko chopanda mafuta, koma ndimawakonda.
Foni zii. Dzulo ndinaimba ndekha. Sipanala wati denga la nesi anakonza kale, atelala ali bwino, ndipo ine ndizidyerera ukwati. Ndakondwa. Komanso zandiwawa pang'ono, zaka zonsezi ndinkayesa popanda ine makoma agwa.
Ndiulule pano pokha. Kiyi wapadera wa nambala 2 sindinapereke, ali m'thumba la diresi laukwati. Mawa ndimutumiza pa basi.
Kapena mkuja.